Malamulo aakulu a Mozambique ndi dimba la azakhali

Mlandu wa dimba la azakhali anga unakambidwa pansi pa mtengo, pabwalo la amfumu, m'mudzi wina wa kufupi ndi phiri la Domwe m'boma la Angónia. Amuna awo anali atamwalira chaka chathacho. Kenako kunatulukira bambo wina wa ku Ulongwe ndi pepala la m'Chipwitikizi, lokhala ndi chidindo, akunena kuti malemuwo anamugulitsa dimbalo asanadwale. Azakhali analibe pepala lililonse. Anali ndi mizere ya kachewere, nthochi zimene anabzala okha atabwera kuchokera kothawa nkhondo ku Dedza, ndi agogo atatu amene ankakumbukira bwino amene anaswa mphanje pamalopo.

Anthu ambiri pabwalopo anali atataya kale mtima, chifukwa kwathu pepala la chidindo limaopedwa ngati mfuti. Amene anasintha zinthu ndi mphunzitsi wina wachinyamata wa pasukulu ya pulaimale. Anapempha mwaulemu kuti alankhule, nati: "Zikomo amfumu, pepalali likunena za kugula malo. Koma m'dziko muno malo sagulitsidwa. Si ine ndikunena, ndi Constituição." Anamasulira m'Chichewa ndime ziwiri, ya 109 ndi ya 111, ndipo bwalo linakhala chete. Tsikulo ndi limene ndinayamba kufuna kudziwa kuti buku limeneli linachokera kuti, ndipo mawu ake analembedwa ndi yani.

Constituição da República, amene m'Chichewa timawatcha malamulo aakulu oyendetsera dziko, ena pawailesi amati lei-mãe, kutanthauza mayi wa malamulo. Dzinali ndi loyenera. Lamulo la malo, la banja, la migodi, la chisankho, onsewa ndi ana, ndipo mwana akatsutsana ndi mayi ake, mawu a mayi ndiwo amapambana. Ndime 2 ya bukuli imanena zimenezi mosabisa, ndipo imanenanso kuti ulamuliro wa dziko uli m'manja mwa anthu. Mozambique yakhala ndi malamulo aakulu atatu, a 1975, a 1990 ndi a 2004, ndipo lililonse linabadwa pa nthawi imene dziko linali litangotuluka, kapena linkafuna kutuluka, m'mavuto aakulu. Munthu akawawerenga motsatizana amaona chimene anthu ankalimbirana nthawi iliyonse.

Agogo athu anakulira pansi pa malamulo a Apwitikizi a 1933, a nthawi ya Salazar, wolamulira Portugal, amene kwa iwo sanali chitetezo ayi. Munthu wakuda ankatchedwa indígena mpaka 1961, wopanda ufulu wa nzika, woyenera msonkho ndi chibalo. Ambiri a ku Angónia, Macanga ndi Tsangano anawolokera ku Nyasaland kapena kupita ku Rhodesia pothawa zimenezo. Nkhondo ya ufulu itafika m'chigawo cha Tete mu 1968, pa nthawi imene Apwitikizi ankakonzekera kumanga damu la Cahora Bassa, chigawochi chinalawa zowawa zosaneneka. Pa 16 Disembala 1972 asilikali a Apwitikizi anapha anthu mazanamazana ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo, kufupi ndi mzinda wa Tete. Amene analemba malamulo a 1975 anali atangotuluka m'tchire, zonsezi zili m'maso.

Malamulo oyambawo anavomerezedwa pa 20 Juni 1975 ku Tofo, m'chigawo cha Inhambane, ndi komiti yaikulu ya FRELIMO, gulu limene linamenya nkhondo ya ufulu, ndipo anayamba kugwira ntchito pa 25 Juni, tsiku la ufulu. Panalibe nyumba ya malamulo yosankhidwa ndi anthu imene inawakambirana. Anali aafupi, olankhula ngati msilikali wopambana. Dziko linatchedwa República Popular de Moçambique. FRELIMO inalembedwa kuti ndiyo yotsogolera boma ndi anthu onse, ndipo mtsogoleri wa FRELIMO, Samora Machel, ndiye anali pulezidenti wa dziko chifukwa cha udindo wake wa m'chipani. Munalinso zinthu zimene sitiyenera kuzichepetsa. Mkazi ndi mwamuna analembedwa kuti ndi ofanana pa malamulo, chinthu chachilendo kwambiri masiku amenewo. Ndipo nthaka yonse, pamodzi ndi chuma cha pansi pake, inakhala ya boma. Cholinga chinali chakuti asapezekenso mzungu kapena kampani yonena kuti chigwa chonse ndi chake, monga zinalili ndi ma prazo, malo aakulu a atsamunda a m'mphepete mwa Zambezi.

Koma buku lopatsa chipani chimodzi mphamvu zonse silisiya poti munthu wamba akadandaule chipanicho chikalakwa. Mafumu anachotsedwa paudindo, akunenedwa kuti anali atumiki a atsamunda, ndipo m'malo mwawo munalowa ma grupo dinamizador, magulu a chipani a m'midzi, ndi masekeletale. Anthu anasonkhanitsidwa m'midzi ya pamodzi, ma aldeia comunal, kutali ndi minda ndi manda a makolo awo. Mu 1979 kunabwera khoti la asilikali lokhala ndi mphamvu zogamula imfa, ndipo mu 1983 kunabwera lamulo lokwapula anthu pagulu. Nkhondo ya RENAMO yolimbana ndi boma la FRELIMO, imene inayambitsidwa ndi thandizo la Rhodesia kenako South Africa, inapeza anthu ena akumidzi ali ndi mkwiyo kale. Pofika 1986 midzi yambiri ya kumpoto kwa Tete inali bwinja. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi a dziko lino anakakhala ku Malawi, ndipo a kwathu ambiri anangodumpha msewu kupita ku Dedza ndi Ntcheu, kwa abale olankhula chinenero chimodzi.

Malamulo a 1990 analembedwa nkhondo ili mkati. Samora anali atamwalira pangozi ya ndege ku Mbuzini pa 19 Okutobala 1986, ndipo Joaquim Chissano, amene analowa m'malo mwake, anali kufunafuna njira yothetsera nkhondo. Kumayambiriro kwa 1990 anatulutsa chikalata choyeserera kuti anthu achikambirane m'misonkhano, ndipo nyumba ya malamulo, imene inali idakali ya chipani chimodzi, inachivomereza mu Novembala. Chinayamba kugwira ntchito pa 30 Novembala 1990. Mawu akuti Popular anachoka pa dzina la dziko. Zipani zambiri zinaloledwa, chilango cha imfa chinathetsedwa, ufulu wolankhula ndi wa atolankhani unalembedwa, makhoti anapatulidwa ku chipani, ndipo malonda a anthu paokha anatsegulidwa. RENAMO inakana bukulo poti sinalembe nawo, komabe ndilo linatsegula khomo la mgwirizano wa mtendere umene Chissano ndi Afonso Dhlakama, mtsogoleri wa RENAMO, anasainira ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndi chisankho choyamba cha zipani zambiri mu Okutobala 1994.

Chodabwitsa n'chakuti pa kusintha konseko, pamene pafupifupi chilichonse cha 1975 chinatayidwa, mfundo ya nthaka inatsala. Mafakitale anagulitsidwa, mabanki anagulitsidwa, koma nthaka inakhalabe ya boma. Chimene chinawonjezedwa ndi mawu akuti boma lizindikire ufulu wa munthu amene anapeza malo mwa cholowa kapena mwa kukhalapo. Mawu ochepawa ndiwo anathandiza anthu obwerera kuchokera ku Malawi mu 1993 ndi 1994, amene anapeza minda yawo itamera tchire, opanda chikalata chilichonse chosonyeza kuti ndi yawo.

Buku limene tili nalo lero linavomerezedwa pa 16 Novembala 2004 ndipo linayamba kugwira ntchito mu Januwale 2005. Ndilo loyamba kuvomerezedwa ndi nyumba ya malamulo ya zipani zambiri, FRELIMO ndi RENAMO atagwirizana. Lili ndi ndime zoposa 300. Sindingazitchule zonse, ndipo zina ndi za kayendetsedwe ka maofesi a ku Maputo. Ndikhala pa zimene zimafika pakhomo pathu.

Ndime 109 imati nthaka ndi ya boma, ndipo sigulitsidwa, siperekedwa kwa wina mwa njira ina iliyonse yonga kugulitsa, siikidwa chikole, silandidwa chifukwa cha ngongole. Imatinso kugwiritsa ntchito nthaka ndi ufulu wa anthu onse a dziko lino. Chimene munthu amakhala nacho ndi ufulu wolima ndi kudyerera malowo, umene m'maofesi amautcha DUAT. Ndime 111 ndiyo ija ya cholowa ndi kukhalapo. Mwana wa ndime ziwirizi ndi lamulo la malo la 1997, limene limati munthu kapena mudzi wokhala pamalo motsata mwambo uli ndi DUAT ngakhale ulibe pepala, munthu amene wagwiritsa ntchito malo mokhulupirika kwa zaka 10 alinso ndi ufulu, ndipo umboni wa pakamwa wa amuna ndi akazi a m'mudzi ndi umboni wokwanira. Ichi n'chifukwa chake agogo atatu aja analemera kuposa chidindo. Limatinso wofuna malo aakulu, kaya ndi kampani, ayambe wakhala pansi ndi eni mudzi.

Ine ndimaiona mfundo imeneyi ngati khasu lakuthwa konsekonse. Imateteza wosauka kuti asagulitse munda chaka cha njala n'kukhala waganyu pa nthaka ya makolo ake. Mlimi wa kachewere wa ku Tsangano ngongole ikamukanika, wokongoza sangamulande munda. Komanso mlimi yemweyo sangapite kubanki ndi munda wake ngati chikole kuti agule feteleza kapena pampu yothirira. Ndipo tonse tikudziwa kuti m'matauni a Ulongwe, Moatize ndi Tete malo amagulitsidwa tsiku ndi tsiku. Anthu amalemba kuti agulitsa mitengo ya mango, maziko a nyumba kapena mpanda, poti zomanga ndi zobzala lamulo limalola kugulitsa, koma aliyense amadziwa kuti ndalamazo ndi za nthaka. Wogula motero akapeza mavuto, lamulo silimuthandiza kwenikweni, ndipo wogulitsa wachinyengo amatha kugulitsa malo amodzi kwa anthu awiri.

Kuthwa kwina kwa khasuli kunaonekera ku Moatize. Ndime 98 imati chuma cha m'nthaka ndi cha boma, choncho malasha akapezeka pansi pa munda wako, ufulu wako wolima umagonja. Pakati pa 2009 ndi 2010 mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa kuti mgodi wa kampani ya Vale uyambe, ambiri kupita ku Cateme, ena ku dera la 25 de Setembro m'tauni ya Moatize. Anthu amene ankakhala pafupi ndi mtsinje wa Revúbuè, olima madimba, oumba njerwa, ogulitsa makala ndi masamba kumsika, anapezeka ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 40, pa nthaka youma. Mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji yonyamula malasha, ndipo apolisi anawabalalitsa mwankhanza. Chaka chomwecho boma linatulutsa malamulo a kasamutsidwe ka anthu, ndipo kuyambira 2013 gawo la 2.75 pa 100 alionse a msonkho wa zokumbidwa linayamba kulembedwa kuti lizibwerera kumadera a migodi. Anthu a ku Cateme ankapempha zinthu zimene zinali kale m'buku. Ndime 82 imati katundu wa munthu satengedwa popanda chifukwa chokomera anthu onse ndi chipukuta misozi choyenera. Ndime 51 imapereka ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero. Ndime 90 imanena za ufulu wokhala pamalo a chilengedwe chabwino, zimene aliyense amene anayanikapo ufa ku Moatize n'kuupeza wakuda ndi fumbi la malasha angazimve msanga.

Za mafumu, buku la 2004 linabweza chimene cha 1975 chinachotsa. Ndime 118 imati boma limazindikira ndi kulemekeza ufumu umene anthu eni ake auvomereza motsata mwambo. Izi zinatsatira lamulo la boma la mu 2000 limene linabwezera mafumu ndi masekeletale pa ntchito monga atsogoleri a m'madera, n'kuwapatsa yunifolomu ndi mbendera. Ndime 4 imapita patsogolo: imavomereza kuti m'dziko muno muli njira zambiri zoweruzira milandu, osati khoti la boma lokha, malinga ngati sizikutsutsana ndi mfundo zikuluzikulu za malamulo aakuluwo. Ndiye kuti bwalo la amfumu lija silinali kuba ntchito ya khoti. Koma mawu akuti "malinga" ndi olemera. Mwambo wolanda mkazi wamasiye katundu umagundana ndi ndime 36, imene imati mwamuna ndi mkazi ndi ofanana pa zonse. Mwambo wokwatitsa mtsikana wongotha msinkhu umagundana ndi ufulu wa ana, ndipo kuyambira 2019 pali lamulo loletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, lokhala ndi chilango kwa makolo ndi ankhoswe omwe. Mfumu yodziwa malire amenewa imalimbitsa bwalo lake, chifukwa chigamulo chake sichikagwa kuboma.

Pali ndime inanso imene a m'malire tiyenera kuidziwa. Ana ambiri a kwathu anabadwira ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndipo ena amauzidwa kuti ndi alendo akafuna bilhete, chiphaso cha unzika. Gawo la unzika limati mwana wa bambo kapena mayi wa ku Mozambique, ngakhale anabadwira kunja, ndi nzika akanena kuti akufuna kutero. Chimene chimavuta kawirikawiri ndi umboni ndi maulendo a kuofesi, osati lamulo.

Nanga boma lenilenilo likaphwanya malamulowa, amaligwira dzanja ndani? Ntchitoyo ndi ya Conselho Constitucional, bwalo la oweruza 7 ku Maputo. Nzika 2,000 zikasaina pamodzi zingathe kulipempha kuti liunike lamulo kapena chochita cha boma. Zimenezi zinachitikadi pa nkhani ya ngongole zobisika, ndalama pafupifupi madola 2 biliyoni zimene makampani a EMATUM, ProIndicus ndi MAM anakongola mu 2013 ndi 2014, boma litalonjeza mobisa kuti lidzabweza, nyumba ya malamulo osavomereza. Mabungwe a anthu anasonkhanitsa masaini, ndipo mu Juni 2019 bwalolo linagamula kuti ngongole ya EMATUM inali yosavomerezeka, n'kuchitanso chimodzimodzi ndi zina ziwirizo mu 2020. Umenewu ndi umboni wakuti bukuli lili ndi mano anthu akalidziwa. Komabe bwalo lomweli ndilo limatsimikiza zotsatira za chisankho, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri alitayira chikhulupiriro. Mkulu wake amasankhidwa ndi pulezidenti, asanu amasankhidwa ndi nyumba ya malamulo molingana ndi kuchuluka kwa mipando ya zipani, mmodzi amachokera kwa oweruza anzawo. Chipani chokhala ndi mipando yambiri chimakhala ndi dzanja lalitali posankha oweruza amene adzaweruze chisankho chake chomwe. Pa 23 Disembala 2024 bwalolo litalengeza kuti Daniel Chapo wa FRELIMO wapambana pa chisankho cha pulezidenti, otsatira Venâncio Mondlane, amene ankapikisana naye, sanavomereze, ndipo zionetsero zimene zinayamba mu Okutobala zinapitirira, anthu ambiri n'kutaya miyoyo.

Mphamvu za pulezidenti m'bukuli n'zambiri zedi. Iye ndi mutu wa dziko, mutu wa boma ndi mkulu wa asilikali, amasankha nduna yaikulu, nduna zonse, mkulu wa khoti lalikulu ndi loya wamkulu wa boma. Chomutchinga chachikulu ndi chakuti amalamula zaka 5, ndipo sangapitirire maulendo awiri otsatizana. Chissano anachoka mu 2005, Armando Guebuza mu 2015, Filipe Nyusi mu 2025. M'chigawo chino cha Africa chimenecho si chinthu chaching'ono.

Kusintha kwa malamulo aakulu kwa mu 2018 kunabadwanso m'kulira kwa mfuti. RENAMO inkapeza mavoti ambiri m'zigawo za pakati, kuphatikizapo maboma ngati Angónia ndi Tsangano, koma bwanamkubwa wa chigawo ankachokera m'thumba la pulezidenti. Mkangano umenewu unabweretsa kumenyana mu 2015 ndi 2016, pamene anthu a ku Nkondezi ndi madera ena a Moatize anathawiranso ku Malawi, ku Kapise m'boma la Mwanza. Nyusi ndi Dhlakama anagwirizana kuti abwanamkubwa azisankhidwa ndi anthu. Dhlakama anamwalira pa 3 Meyi 2018, kusinthako kunavomerezedwa patapita milungu yochepa, ndipo mu 2019 Tete inasankha bwanamkubwa koyamba, Domingos Viola. Koma pambali pa bwanamkubwayo anaikapo Secretário de Estado, woimira boma lalikulu m'chigawo, wosankhidwa ndi pulezidenti, wokhala ndi mphamvu zambiri, moti chigawo chili ndi mitu iwiri, maofesi awiri, magalimoto awiri, ndipo munthu wamba sadziwa khomo loti agogode. Lonjezo lakuti mu 2024 tidzasankha atsogoleri a maboma linachotsedwa mu Ogasiti 2023 ndi mavoti a FRELIMO yokha. Kusintha malamulo aakulu kumafuna magawo awiri mwa atatu a aphungu 250, ndipo chipanicho chinali nawo. Amene amati bukuli ndi mwala wosasunthika aone pamenepa.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi chinenero. Ndime 10 imati Chipwitikizi ndicho chinenero cha boma. Ndime 9 imati boma limalemekeza zinenero zathu monga chuma cha chikhalidwe ndi maphunziro, ndipo lidzazikweza. Pali zimene zachitika: kuyesa koyamba kophunzitsa ana m'zinenero ziwiri, pakati pa 1993 ndi 1997, kunachitikira kuno ku Tete m'Chinyanja, ndipo wailesi ya boma ya chigawo imalankhula Chinyanja ndi Chinyungwe. Koma azakhali anakhala zaka zoposa 30 akutetezedwa ndi mawu amene sanawamvepo m'chinenero chawo mpaka tsiku la mlandu lija. Ndime 80 imapatsa nzika ufulu wokana lamulo la wamkulu likakhala losemphana ndi malamulo kapena lophwanya ufulu wake. Ndime 79 imati aliyense angalembe dandaulo kwa akuluakulu. Mayi wa ku Furancungo kapena Fingoè wogulitsa nyemba pamsika, amene wapemphedwa ndalama yosadziwika pamsewu, ndime zimenezi ndi zake, koma zinalembedwa m'chinenero chimene iye amachimva pang'ono, m'mawu amene ngakhale womaliza sekondale amapunthwa nawo.

Mu Malichi 2025 Chapo ndi atsogoleri a zipani anasainirana kuti pakhale kukambirana kwa dziko lonse, ndipo kuunikanso malamulo aakulu ndi imodzi mwa mitu yake. Nkhani za bungwe loyendetsa chisankho, mphamvu za pulezidenti ndi mitu iwiri ya chigawo zidzakambidwa mokweza, poti andale zimawakhudza. Ine khutu langa lili pa ndime 109 ndi 111, ndi pa lamulo la malo la 1997 limene lakhala likuunikidwanso kwa zaka zingapo. Pali ena ofuna kuti DUAT izisinthana manja mosavuta ngati katundu wa pamsika, ndipo zifukwa zawo si zachabe, chifukwa mlimi amafunadi ngongole. Koma chiganizo chimodzi chikasinthidwa, chija chopatsa mphamvu umboni wa pakamwa, anthu mamiliyoni opanda mapepala adzadzuka ali alendo m'minda yawo. Misonkhano yotere ikafika ku Ulongwe kapena ku Tsangano iyenera kuchitika m'Chichewa, pa nthawi imene amayi abwerako kudimba, ndipo ndime zokambidwazo ziwerengedwe mokweza anthu asanafunsidwe maganizo.

Azakhali akulimabe dimba lawo. Bambo wa pepala uja anauzidwa kuti akalondole ndalama zake kwa amene anamulembera, ndipo sanabwererenso. Pepala la DUAT azakhali alibe mpaka lero, chifukwa maulendo a kuboma ndi ndalama ya oyeza malo zimawalemera. Mwa agogo atatu amene anawachitira umboni, awiri tinawaika m'manda dzinja lapitali.